Mmene mungakaonere nyumba yachifumu ya Akasaka, kogona alendo a boma la Japan

Ulendo woyamba ndinabwerera pageti. Ndinali nditavala jekete yanga ya kutchalitchi, nsapato nditapolisha usiku, koma nditafika ndinapeza zii, chipata chili chotseka. Linali Lachitatu, ndipo Lachitatu nyumbayi satsegula. Panalibe woti ndimuloze chala, ndinali ndisanafunse. Ndinangosuzumira m'mipata ya zitsulo zoyera zija ngati mwana wapasukulu woonera mpira kunja kwa mpanda, kenaka n'kubwerera kusiteshoni.

Nyumba imene ndikunenayi ili ku Tokyo, m'dera la Moto-Akasaka. Eni dziko amaitchula kuti Geihinkan, kutanthauza nyumba yolandirira alendo olemekezeka. Mafumu, mapulezidenti ndi nduna zazikulu za maiko ena akabwera ku Japan pa ulendo wa boma, kuno ndiko amalandiridwa, kuchita zokambirana, kudya mgonero, ena kugona kumene. Kuyambira mu April 2016 boma linayamba kulola anthu wamba kumalowa chaka chonse. Kale ankatsegula masiku owerengeka okha pachaka. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti kunyumba ya boma munthu umangodutsa chapatali utayang'ana kumbali, n'zodabwitsa ndithu kugula tikiti n'kuponda kapeti imene dzana anapondapo mtsogoleri wa dziko.

Koma mugwire mfundo imodzi musananyamuke: iyi si nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ikugwirabe ntchito. Mlendo weniweni ndi wa boma uja, inu mwangobwerekedwa mpata iye kulibe. Malamulo onse amene mukakumane nawo akuchokera pamenepo.

Choyamba: sankhani tsiku poyang'ana kalendala yawo, osati yanu

Nyumbayi imayang'aniridwa ndi ofesi ya nduna za boma la Japan, ndipo pa intaneti ali ndi tsamba lake, la Chijapani ndi la Chingerezi, pamene amaika kalendala ya masiku otsegula. Lembani "State Guest House Akasaka Palace" mulipeza. Kawirikawiri amatsegula 10 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo, koma olowa m'nyumba yaikulu amasiya kuwalandira cha m'ma 4 koloko. Lachitatu ndi tsiku lopuma, monga ndaneneramo mwamanyazi muja.

Vuto lalikulu si Lachitatu. Kukamveka kuti kukubwera mlendo wa boma, amatseka masiku angapo motsatizana kuti akonze m'nyumba, ndipo nthawi zina chilengezo chimatuluka mochedwa. Choncho yang'anani kalendala pokonza ulendo, muyang'anenso usiku woti mawa mukupita. Ngati ku Tokyo mukhalako masiku asanu, ikani Akasaka tsiku lachiwiri, kuti zikavuta mukhale ndi pothawira. Musaisungire tsiku lomaliza.

Za nyengo ndinene mwachidule. July ndi August ku Tokyo kumatentha chinyontho chokhachokha, thukuta losauma, ndipo bwalo la kutsogolo kwa nyumbayi ndi la miyala, mthunzi ndi wosowa. June ndi mwezi wa mvula. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa March mpaka May, kapena October ndi November.

Chachiwiri: dziwani tikiti imene mukufuna

Malowa ali pa magawo atatu: nyumba yaikulu, minda yozungulira, ndi nyumba ina yaing'ono ya mamangidwe a Chijapani yotchedwa Yushintei. M'zaka zapitazi mitengo ya munthu wamkulu yakhala motere: minda yokha 300 yen (ndalama ya ku Japan), nyumba yaikulu ndi minda 1,500 yen, zonse zitatu pamodzi 2,000 yen. Ophunzira a kuyunivesite ndi a kusekondale amalipira zotsikirapo akaonetsa chiphaso cha sukulu, ndipo ana a pulayimale amalowa ulere m'nyumba yaikulu. Mitengo imatha kusintha pakakhala chionetsero chapadera, ndiye tsimikizani pa tsamba lomwe lija.

Nyumba yaikulu ndi minda sizifuna kulembetseratu, mumangofika n'kuima pamzere. Yushintei ndiyo yofuna kulembetsa pa intaneti masiku akadalipo, chifukwa amalowetsa anthu m'timagulu, pa nthawi yoikika, motsogozedwa ndi wofotokozera. Ana a pulayimale kumeneko salowa. Ngati mwabwera ndi ana aang'ono, musadzivutitse nayo.

Mukandifunsa ine, tikiti ya 300 yen ndi ya munthu amene anaonapo kale m'kati. Mwakwera ndege usiku wonse, mwavutika ndi viza, kenaka n'kuumira 1,200 yen pakhomo penipeni? Gulani ya nyumba yaikulu. Ya 2,000 yen ndi yabwino koposa ngati malo apezeka.

Chachitatu: tsikani pa Yotsuya

Apa ndi pamene alendo ambiri amasochera, chifukwa dzina limanyenga. Pali siteshoni ya sitima yotchedwa Akasaka, palinso ina ya Akasaka-mitsuke, koma yoyandikira chipata ndi Yotsuya. Pamenepa pamadutsa sitima za kampani ya JR za njira ya Chuo ndi Sobu, komanso za pansi panthaka za Marunouchi ndi Namboku. Kuchokera ku Shinjuku pa sitima yothamanga ya Chuo, ija ya mzere wa olenji, Yotsuya ndi siteshoni yotsatira, mphindi ngati zisanu. Kuchokera ku siteshoni yaikulu ya Tokyo mumadutsa Kanda ndi Ochanomizu, yachitatu ndiyo yanu. Khalani ndi khadi ya Suica kapena Pasmo yoikamo ndalama, musamalimbane ndi makina a matikiti pa ulendo uliwonse.

Pa siteshoni ya JR tulukirani khomo lolembedwa kuti Akasaka Exit. Mukayenda mphindi pafupifupi 7 mu msewu wa mitengo mbali zonse, muona kutsogolo geti lalikulu loyera la nakisi wagolide. Mtima ukuuzani kuti mwafika. Simunafike. Geti limenelo ndi lolowera alendo a boma, inu mudzalidutsa potuluka. Khoterani kudzanja lamanja, tsatani mpanda ndi zikwangwani mpaka ku geti la kumadzulo. Ndiko kolowera anthu wamba.

Chachinayi: pachipata, khalani wopepuka

Kusecha kwake n'kofanana ndi kwa pabwalo la ndege. Chikwama amachiunika, inu mumadutsa pa makina ozindikira zitsulo. Mipeni, sizasi, mowa ndi zina zotere zisiyeni kumene mwagona. Sutikesi yaikulu isiyeni kuhotela kapena m'maloka olipira a pasiteshoni. Ngati munalembetsa za Yushintei, sungani pafupi uthenga wotsimikizira ndi pasipoti, ndipo fikani nthawi ikadalipo chifukwa gulu silidikira munthu.

Chimene chinandiseketsa ndi botolo la madzi. Mlonda, bambo wachikulire wa magolovesi oyera, analiloza n'kupanga chizindikiro chomwa. Ndinaganiza kuti akundilanda, ndinayamba kulipereka. Iye anapukusa mutu, n'kubwerezanso chizindikiro chija akumwetulira. Amafuna kuti mumwe pang'ono iwo akuona, atsimikize kuti ndi madzi enieni. Ndinamwa, anawerama, nanenso ndinawerama, ndinadutsa.

Mukatha apo mumagula tikiti. Pomwepo amabwereketsa kachipangizo kovala m'khutu kofotokoza chipinda chilichonse, ka zinenero zingapo kuphatikizapo Chingerezi, pa mtengo wochepa. Katengeni. Ndipo pitani kuchimbudzi musanalowe m'nyumba, chifukwa m'katimo njira ndi imodzi, yopita kutsogolo basi.

Chachisanu: musanalowe, dziwani nkhani ya nyumbayi

Popanda mbiri yake, mukhoza kungoona golide n'kutuluka mukuti "ngati ku France". Ndipo zoona, imaoneka ngati yazulidwa ku Ulaya. Funso n'lakuti, anthu a ku Japan anaimangiranji chonchi?

Ntchito inayamba mu 1899 n'kutha mu 1909, mu ulamuliro wa Mfumu Meiji. Nthawi imeneyo Japan inali itangotuluka m'zaka zoposa 200 zodzitsekera, ndipo inkafunitsitsa kuonetsa maiko a azungu kuti si dziko loti n'kulipondereza. Anamanga njanji, mafakitale, gulu la nkhondo lamakono, ndipo anafunanso nyumba yachifumu yoti mzungu akaiona agwire pakamwa. Anapatsa ntchitoyi Katayama Tokuma, mmodzi mwa ophunzira oyamba a Josiah Conder, mmisiri wa ku Britain amene anaphunzitsa zomangamanga ku Tokyo. Malowo kale anali a banja la Tokugawa la ku Kishu, nthambi ya banja limene linkalamulira Japan ulamuliro wa Meiji usanayambe. Poopa zivomezi, Katayama anamanga makoma a njerwa olimbitsidwa ndi zitsulo, kunja n'kukuta ndi miyala yolimba. Chivomezi chachikulu cha mu 1923 chitagwetsa ndi kutentha mbali yaikulu ya Tokyo, nyumbayi inangoti nji.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini wake, mwana wa mfumu amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu Taisho, sanakhazikikemo. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti Mfumu Meiji atauzidwa za nyumbayi anangoti yanyanya kuwononga chuma. Tangoganizani zaka khumi za thukuta kuyankhidwa ndi mawu amodzi otero. Amene anadzakhalamo zaka zingapo ndi Hirohito, mwana wa Taisho amene nayenso anadzakhala mfumu, kuyambira 1923 mpaka 1928.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyumbayi inachoka m'manja mwa banja lachifumu n'kukhala ya boma. Inasanduka laibulale ya nyumba ya malamulo, maofesi osiyanasiyana, ngakhalenso likulu la okonza masewera a Olympic a mu 1964. Kenaka boma linaganiza zoikonza kuti ikhale ya alendo. Ntchitoyo anaitsogolera Murano Togo, inatha mu 1974, ndipo mlendo woyamba anali Gerald Ford, pulezidenti wa America, mu November chaka chomwecho. Mfumukazi Elizabeth II anafika mu 1975. Misonkhano ya atsogoleri a maiko olemera a G7 inachitikira muno mu 1979, 1986 ndi 1993. Mu 2009 nyumbayi inaikidwa m'gulu la chuma chosungidwa cha dziko, kukhala yoyamba mwa nyumba zomangidwa kuyambira nthawi ya Meiji kulandira ulemu umenewu.

Tsono masewera amene ndikukupatsani polowa ndi awa: m'chipinda chilichonse, funafunani pamene Japan wabisala m'kati mwa zovala za chizungu. Mukayamba kumupeza, simusiya.

Chachisanu ndi chimodzi: m'kati, foni m'thumba, manja kumbuyo

Kujambula m'nyumba yaikulu n'koletsedwa, ndipo salekerera. Foni ikhale m'thumba. Osakhudza makoma, makatani kapena mipando, osadya, osamwa. Mumayenda pa kapeti yoyalidwira alendo, pakati pa zingwe, ndipo pakona iliyonse pali woyang'anira. Sakalipa, amangoyandikira mwakachetechete n'kukweza dzanja. Poyamba ndinanyinyirika za kamera, koma pambuyo pake ndinaona kuti zinandithandiza: anthu onse maso anali kudenga, osati pa galasi la foni.

Zipinda zazikulu zimene amaonetsa ndi zinayi, zonse pamwamba. Ndondomeko yodutsira imatha kusintha, choncho ndingozitchula mmene zinandikhalira mumtima.

Kacho no Ma, chipinda cha maluwa ndi mbalame, ndicho chodyeramo madyerero a boma, ndipo chimatha kukhala anthu okwana 130. N'chakuda pang'ono kusiyana ndi zinzake chifukwa makoma ake ndi a matabwa ofiirira. Anthu ambiri amayang'ana zithunzi za kudenga n'kupitirira. Inu tsitsani maso pakhoma. Pali timbale 30 tozungulira ngati dzira, chilichonse chili ndi mbalame ndi maluwa a nyengo zosiyanasiyana. Mukhoza kulumbira kuti n'zojambula ndi burashi, koma ndi galasi losungunulidwa pamoto pamwamba pa chitsulo. Zithunzi zake anajambula ndi Watanabe Seitei, wowotcha anali Namikawa Sosuke, katswiri wa njira yochotsa timawaya togawa mitundu kuti utoto uzilowererana mosaonetsa malire. Ndinaima pa kambalame kena mpaka wakumbuyo kwanga anatsokomola mwaulemu. Nthenga za pakhosi pake zinkachoka pa kuyera kupita pa kotuwa ngati utsi, osaona pamene mtundu wina wathera. Ngati nthawi yakuthinani, perekani theka lake kuchipinda chimenechi.

Hagoromo no Ma anachimanga kuti chikhale chovinira. Chili ndi khonde lam'mwamba la oimba, ndi nyale zitatu zolendewera, zazikulu koposa m'nyumba yonse. Iliyonse ili ndi tizidutswa pafupifupi 7,000 ndipo imalemera makilogalamu ngati 800. Mukaima pansi pake mumayamba kuganiza za amene anamanga chokolowekera chake. Dzina la chipindachi likuchokera ku nthano yakale ya m'masewero a zisudzo za Chijapani otchedwa Noh, ya msodzi amene anatola mwinjiro wa nthenga wa namwali wakumwamba utakoloweka pa mtengo, namwaliyo n'kumuvinira kuti amubwezere. Yang'anitsitsani zokongoletsa za m'makoma: pakati pa mavayolini ndi zoimbira za ku Ulaya mupezapo ng'oma ndi zoimbira za zingwe za Chijapani. Masiku ano, mvula ikagwa pa tsiku lolandira mlendo, mwambo wa asilikali umene ukanachitikira pabwalo umasamukira muno.

Sairan no Ma n'choyera ndi golide, chili ndi magalasi akuluakulu khumi ochititsa chipinda kuoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Dzina lake ndi la mbalame ya m'nthano imene yasemedwa mwagolide itatambasula mapiko. Muno ndimo amasainirana mapangano. Pafupi ndi malo osonkhapo moto, funani ankhondo akale a ku Japan otchedwa samurai, ovala zankhondo zawo. Alipo, ali phee pakati pa nakisi wa ku France.

Asahi no Ma, chipinda cha dzuwa la m'mawa, ndicho cholemekezeka kuposa zonse. Atsogoleri amakambirana muno. Kudenga kuli mulungu wamkazi wa mbandakucha akuyendetsa ngolo ya akavalo oyera, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, ndipo m'mbali muli nsanamira 16 za mwala wa nsangalabwi wochokera ku Norway. Anachikonzanso kwa zaka ziwiri n'kuchitsegula mu 2019. Pansi pali kapeti ya maluwa a sakura yolukidwa ndi ulusi wa mitundu 47 ya pepo. Sindinathe kuwerenga ngakhale isanu, koma ndinayesa.

Pakati pa zipindazi mudutsa pa holo ya pamwamba pa masitepe akuluakulu a kapeti yofiira, amene mlendo wa boma amakwera akangolowa. Inu simukwera, mumangowaonera pamwamba. Pakhoma pali zithunzi ziwiri zikuluzikulu za Koiso Ryohei, china cha ojambula, china cha oimba. Ndipo paliponse muziona chizindikiro cha masamba ndi maluwa a mtengo wa kiri, chimene ndi chidindo cha boma la Japan.

Kuyenda m'nyumba yonse kumatenga pafupifupi ola limodzi ngati simukuthamanga. Mipando yopumirapo ndi yosowa, choncho ngati mwatenga agogo kapena wina wovutika miyendo, auzeni ogwira ntchito pachipata pomwe kuti akuthandizeni.

Chachisanu ndi chiwiri: Yushintei, ngati munalembetsa

Valani masokosi abwino tsiku limeneli. Ndikunena zoona. Pakhomo mumavula nsapato, ndipo chala chikasuzumira pa sokosi lobooka palibe pochibisa.

Nyumbayi anaimanga mu 1974, mmisiri wake anali Taniguchi Yoshiro. Boma linaona kuti si bwino mlendo kubwera ku Japan n'kungoona za chizungu zokhazokha. Mukachoka ku golide uja n'kulowa muno, mutu umazizira. Matabwa osapaka utoto, nsungwi, timiyala toyera tosalazidwa bwino, chipinda chachikulu cha mphasa za tatami chodyeramo, ndi kachipinda ka mwambo wa tiyi. Patebulo lodyera anakumba pansi kuti mlendo wosazolowera kukhala chopinda miyendo azitha kuitsitsa ngati ali pampando. Kutsogolo kuli dziwe la nsomba za koi, zofiira, zoyera, zagolide, zonenepa ngati ana a nkhumba. Dzuwa likawomba pamadzi, kuwala kumavina kudenga la chipindacho. Pa dziwe limeneli ndi pamene Donald Trump ndi Abe Shinzo, nduna yaikulu ya Japan nthawi imeneyo, anadyetsa nsomba mu November 2017, n'kumaliza ndi kukhuthula timabokosi tonse ta chakudya m'madzi, chithunzi chimene chinazungulira dziko lonse.

Ulendo wa kuno umatenga pafupifupi ola. Wofotokozera nthawi zambiri amayankhula Chijapani, koma pamakhala magulu ena a Chingerezi, ndiye polembetsa sankhani mosamala.

Chachisanu ndi chitatu: tulutsani kamera panja

Mukatuluka m'nyumba yaikulu, njira imakufikitsani kumunda wa kumbuyo. Apa jambulani mmene mungafunire, kungoti miyendo itatu yoimikira kamera ndi ndodo zodzijambulira zisiyeni. Pakati pali kasupe wamkulu wa madzi, wa nthawi imodzi ndi nyumbayi, wozunguliridwa ndi zilombo za mkuwa za mutu wa chiwombankhanga ndi mapiko, pamodzi ndi akamba. Chithunzi chabwino chimatuluka mukazungulira kuseri kwa kasupeyo, madzi akhale kutsogolo, nyumba kumbuyo, mitengo ya paini m'mbali.

Kenaka mumazungulira kubwalo la kutsogolo, loyalidwa miyala, kumene mlendo wa boma amayendera perete wa asilikali. Imani chapakati, muone mmene mapiko awiri a nyumbayi apindikira kutsogolo ngati munthu wotambasula manja kulandira mnzake. Tsopano kwezani maso padenga, mbali zonse ziwiri za khomo lalikulu. Muona ankhondo awiri obiriwira a mkuwa, zisoti ndi zovala za samurai, atakhala pamwamba pa nyumba ya chizungu ngati alonda a pamudzi. Ambiri amatuluka osawaona. Chapafupi pali mipira ya nyenyezi zagolide yozunguliridwa ndi mbalame.

Pabwalo lomweli pamakhala galimoto yogulitsa tiyi, khofi ndi makeke, ndi matebulo a maambulera. Pali tiyi wamadzulo wa mbale zosanjikiza amene anthu amamukonda kwambiri, koma amakonza wochepa patsiku ndipo amatha msanga. Ine ndinangogula khofi, n'kukhala moyang'ana khomo limene Ford analowera, miyendo ikuthokoza.

Mukakonzeka kupita, onetsetsani kuti palibe chimene mwasiya, chifukwa mukatuluka simubwereranso ndi tikiti yomweyo. Potulukira ndi pa geti loyera lija la nakisi wagolide, lomwe ndinasuzumirapo Lachitatu lija. Mukangodutsa, yendani masitepe makumi awiri, tembenukani, mujambule geti ndi nyumba pamodzi. Kuchokera apo msewu wa mitengo uja ukubwezerani ku Yotsuya, mphindi 7 zomwe zija.